Kambewu ka mpiru: kalata kwa mwana wanga

Mwana wanga,

Papita miyezi isanu chiikire amayi ako m'manda, ndipo tikaimbirana foni timangokamba za feteleza, za fizi ya mng'ono wako ndi za denga la khitchini limene layamba kudontha. Nkhani yeniyeni tonse awiri timaizemba. Azakhali ako ndi amene andiululira zimene unawauza usiku wa maliro kuseri kwa siwa, amayi a Chigwirizano atatopa ndi kuimba, ena ayamba kuwodzera. Akuti unati amayi ako unawapha ndiwe chifukwa chikhulupiriro chako chinachepa. Akutinso chichokereni kumanda sunapondeko m'tchalitchi, ndipo ukaona Baibulo mtima umagunda. Usawakwiyire azakhali akowo. Anasunga chinsinsi chako mpaka chinawalemera. Ndalemba kalatayi poyera, osatchula dzina lako, chifukwa ana asenza mtolo umenewu ndi ambiri, ndiponso chifukwa pakamwa ndimalephera, mawu amandithera pakhosi.

Ndiyambe ndi kuulula zanga. Za ndalama zija ndinkadziwa. Ndinkadziwa kuti unatumiza malipiro ako a mwezi wathunthu kwa mneneri uja, amene anakuuza kuti ufese mbewu kuti amayi ako achire. Ndinakuona utatsika minibasi ndi kabotolo ka mafuta m'chikwama, n'kulowa kuchipinda, n'kutseka chitseko. Ine mkulu wa mpingo wa zaka zoposa makumi awiri, amene ndaphunzitsa kalasi ana a eni ake ambirimbiri, ndinakhala pakhonde chete. Ndinakhala chete chifukwa pansi pa mtima nanenso ndinkati, mwina kapena. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo tonse tinali titamva m'mimba. Choncho ukamawerenga zotsatirazi usaganize kuti akulankhula ndi woweruza. Akulankhula ndi bambo ako, amene anayenera kukuteteza tsiku lija koma sanatero.

Matenda atakula unaimbanso foni kwa anthu a mneneri uja, ndipo anakuyankha kuti mafuta alibe vuto, vuto ndi iweyo, ukukayika. Anakutsegulira Mateyu 17:20, pamene Ambuye akamba za chikhulupiriro chonga kambewu ka mpiru chimene chingasunthe phiri. Vesi limeneli ndi limene lakhala likukudya miyezi yonseyi. Tiye tiliwerenge limodzi, koma tiyambire pamene nkhaniyo iyambira.

Bambo wina anali ndi mwana wodwala matenda akugwa, amene ankamugwetsera pamoto ndi m'madzi. Anapita naye kwa ophunzira a Yesu, iwo anayesa, analephera. Yesu atafika anamuchiritsa mwanayo. Pambuyo pake ophunzira aja anapita kwa Ambuye paokha kukafunsa chimene chinawalepheretsa, ndipo m'pamene anawauza za kuchepa kwa chikhulupiriro ndi za kambewu ka mpiru. Waona amene akuuzidwa mawuwa? Akuuzidwa ndi opemphererawo, anthu amene anapatsidwa ntchito yochiritsa. Bambo wa mwana uja pa nthawiyi n'kuti palibe, mwana wake ali bwinobwino. Munthu amene anakutsegulira vesili anatenga chidzudzulo cholembedwera iye mwini n'kukusenzetsa iwe.

Marko analemba nkhani yomweyi pa mutu 9, ndipo iye anasunga zimene bambo uja anakambirana ndi Yesu. Sindikubisa, pa vesi 23 Ambuye anamuuzadi kuti wokhulupirira palibe chomukanika. Koma tamvera yankho lake pa vesi 24. Munthuyo anafuula kuti akukhulupirira, ndipo m'kamwa momwemo anapempha thandizo chifukwa kukhulupirirako kunali kopunduka. Anavomera pamaso pa khamu kuti mumtima mwake muli zonse ziwiri. Yesu sanamubweze kuti akayambe walimbitsa chikhulupiriro, sanamuuze kuti akasale masiku atatu, sanamufunse kuti wabweretsa chiyani. Anamuchiritsa mwanayo pomwepo. Mwa mapemphero onse a m'Baibulo, la bambo ameneyu ndi limene ndinkapemphera pabenchi ya kuchipatala usiku, pamene mawu ena onse anali atandithawa.

Mpiru iwe umaudziwa. Ukukumbukira amayi ako kudimba, mmene ankasungira njere zake m'kabotolo kotha mankhwala, ndi mmene ankazisakanizira ndi mchenga pofesa nazale, chifukwa paokha zinkathawa m'zala ndi kugwera pamodzi. Ukayetsemula pafupi, mbewu ya chaka chonse yapita. Ambuye posankha njere imeneyi ankati ngakhale kochepetsetsa kakwanira. Lero anthu atembenuza mawuwa kukhala sikelo yoyezera amene ali ndi chikhulupiriro chachikulu, ndipo wolephera pa sikeloyo nthawi zonse amakhala wodwala ndi abale ake.

Funso limene ndikudziwa kuti ukundifunsa ndi lakuti, nanga mwana uja anachira, amayi anga bwanji sanachire? Mwanawe, yankho lonse ndilibe, ndipo amene angakuuze kuti ali nalo umuthawe. Chimene ndili nacho ndi anthu a m'Baibulo lomweli amene anapemphera ndi mtima wonse koma sanachire. Paulo, amene Mulungu anachiritsa anthu ambiri kudzera mwa iye, anali ndi chinthu chomulasa m'thupi chimene anachitcha munga. Pa 2 Akorinto 12 akuti anapempha katatu kuti chichoke, ndipo sichinachoke. Anangolonjezedwa chisomo chomukwanira. Paulo yemweyo pa 2 Timoteo 4:20 akuti mnzake Trofimo anamusiya ku Mileto akudwala. Mneneri Elisa, amene anaukitsa mwana wa mayi wa ku Sunemu, anadwala nthenda ndipo nthendayo inamupha, werenga 2 Mafumu 13:14. Ambuye mwini ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, m'mawa mwake anapachikidwa. Kodi onsewa tinene kuti chikhulupiriro chinawachepera?

Ahebri 11 ndi mutu umene alaliki amaukonda, koma ambiri amaima pakati. Amatchula Nowa, Abrahamu, Mose, makoma a Yeriko, anthu amene anatseka pakamwa pa mikango. Ukapitirira kuyambira vesi 35 mawu amasintha. Pamabwera ena amene anazunzidwa, kumangidwa, kuponyedwa miyala, kuchekedwa ndi sowo, kugona m'mapanga. Wolembayo akuti onsewa, opulumuka ndi ophedwa omwe, anachitiridwa umboni wabwino chifukwa cha chikhulupiriro chimodzimodzi. Amayi ako ali m'gawo lachiwirilo, ndipo gawolo si la olephera.

Za ndalama ndingonena mwachidule, chifukwa Baibulo nalo silizungulira. Namani atachira khate anafuna kulipira, Elisa anakana, ndipo Gehazi amene anamuthamangira kukalandira mwamseri ndi amene khatelo linamugwera. Ku Samariya Simoni anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera, Petro anamutemberera pamodzi ndi ndalama zakezo, zili pa Machitidwe 8. Malonda amenewa ndi akale. Mu 1517 Martin Luther ku Wittenberg anadzuka kutsutsa zikalata zimene anthu ankagula kuti abale awo akufa achepetseredwe chilango, ndipo ogula ambiri anali anthu wamba okonda abale awo monga iwe. Ndalama yako inapita, isiye. Iwe unaipereka chifukwa chokonda amayi ako, ndipo Mulungu anaona chikondicho. Amene anailandira adzayankha yekha.

Tsono chikhulupiriro n'chiyani, ngati si mphamvu imene munthu amaikoka m'mimba mwake kufikira Mulungu atagonja? Ndikukumbutse chinthu chimodzi. Uli ndi zaka zisanu, Lamulungu lina m'mwezi wa Febuluwale, mtsinje wathu uja unadzaza tikuchokera ku tchalitchi. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, ndinakubereka kumsana. Madzi anafika m'chiuno, ofiira, akukokolola mapesi ndi zinyalala. Iwe unkalira njira yonse, ukufuula kuti tigwa, ndipo pakati penipeni dzanja lako limodzi linataya kolala yanga. Tinaoloka. Chimene chinakuolotsa ndi miyendo yanga ndi mkono wanga umene unakugwira kumbuyo. Gawo lako linali kulola kuberekedwa basi, ndipo kulira kwako sikunachepetse mphamvu ya miyendo yanga ngakhale pang'ono. Petro atayamba kumira pa nyanja ya Galileya, pa Mateyu 14, Yesu anayamba watambasula dzanja n'kumugwira, za kuchepa kwa chikhulupiriro anazikamba munthu ali kale m'manja mwake.

Chipulumutso chimayenda chimodzimodzi. Aefeso 2:8 ndi 9 munaloweza ku kalasi, ndipo ndinakufunsa ndine pa mayeso. Paulo akuti timapulumuka chifukwa cha chisomo, chikhulupiriro ndi njira imene chisomocho chimatifikira, ndipo zonsezi ndi mphatso kuti pasapezeke wodzitama. Mphatso imene munthu amalipira ndi kukhulupirira kolimba yasanduka malonda ena, kungoti ndalama yake ndi yosaoneka. Ine ndaona anthu ambiri a mumpingo mwathu, ena akuluakulu, akufika pa imfa ali ndi mantha oti mwina sanakhulupirire mokwanira, mwina tsiku lina anaphonya Mgonero, mwina chaka chimene anadulidwa chija chinalembedwa kumwamba. Enafe akulu a mpingo tili ndi mlandu pamenepa, chifukwa tinaphunzitsa malamulo mokweza mawu, chisomo tinachinena monong'ona.

Ukafuna kuona chipulumutso chili chokha, popanda chokongoletsa, pita pa Luka 23. Munthu wachifwamba wapachikidwa pambali pa Yesu. Manja akhomedwa, sangathe kupereka chopereka. Miyendo yakhomedwa, sangapite kukapepesa amene anawabera. Kalasi sanalowe, ubatizo sanalandire. Anangovomera kuti chilango chake n'choyenera, n'kupempha kuti Ambuye adzamukumbukire. Pempho lake linali laling'ono, longa la munthu amene sakuyembekezera zambiri. Yankho limene analandira linali la tsiku lomwelo, ndiponso la kukhala pamodzi ndi Yesu. Ndikaganiza za munthu ameneyu ndimapeza mtendere pa za amayi ako, pa za iwe, ndi pa za ine ndemwe.

Pali china chimene sukudziwa. Masabata awiri omaliza, iwe utabwerera ku ntchito, maso a amayi ako anali atafooka, ndipo ankandituma kuti ndiwawerengere. Baibulo lawo ukulidziwa, Buku Lopatulika lija la chikuto chomatidwa ndi nsalu, lodzaza ndi timapepala ta maphunziro a Chigwirizano. Ankanyadira kuti buku limeneli linamasuliridwira kwathu konkuno, pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera, pamene William Murray ndi aphunzitsi a kuno anagwira ntchitoyo zaka zambiri kufikira Baibulo lathunthu linatuluka mu 1922. Iwe umakonda Buku Loyera, la mu 1998, chifukwa Chichewa chake n'chofewa. Amayi ako ankati mawu akalewo anawazolowera ngati mpini wa khasu lawo. Mutu umene ankaufuna pafupifupi tsiku lililonse ndi Yohane 11.

Ndauwerenga mutu umenewu pa maliro osawerengeka, koma ndinaumva koyamba m'chipinda chija. Marita ndi Mariya anatumiza uthenga nthawi ilipo kuti mlongo wawo Lazaro akudwala. Yesu ankawakonda, Yohane akunena zimenezi poyera, komabe anakhala kumene anali masiku ena awiri. Pofika ku Betaniya, mudzi wa makilomita atatu okha kuchokera ku Yerusalemu, maliro anali atagona m'manda masiku anayi. Marita anatuluka kukamuchingamira ndi dandaulo, kuti mukanabwera msanga izi sizikanachitika. Mariya atafika ananena mawu omwewo, akugwa pa mapazi ake. Awa ndi mawu a anthu okhumudwa ndi Ambuye, ndipo anawanena pamaso pake. Iye sanawakalipire. Kwa Marita anadzitchula kuti kuuka kwa akufa ndi moyo ndiye mwini wake, ndipo ataona Mariya akulira, misozi inatsika m'maso mwake, ngakhale ankadziwa kuti posachedwa Lazaro atuluka. Ngati uli ndi mkwiyo ndi Mulungu, mwana wanga, pita nawo kwa iye monga anachitira alongo awiriwa. Amene analira ku Betaniya sangakuthamangitse chifukwa cholira.

Tsiku lina nditamaliza kuwerenga, amayi ako anandifunsa kuti, “Abambo, nanga Lazaroyo ali kuti lero?” Ndinati anamwaliranso. Iwo anati, “Eya. Ndiye kuti kuchira si kumene Yesu ankatanthauza kwenikweni.” Anapumira pang'ono, kenaka anati ululu akuuopa, usiku akuuopa, koma kumene akupita sakuopako, chifukwa amene akawalandire anayamba kudziwana naye ali mtsikana.

Ndaganizira mawu amenewa kwambiri, ndipo ndapeza kuti ndi zimene Yohane amaphunzitsa. Ife tikamva za moyo wosatha timaganiza za nthawi yaitali imene imayamba adzukulu akamaliza kufotsera. Koma pa Yohane 17:3, Ambuye popemphera usiku wake womaliza anafotokoza moyo wosatha kuti ndi kudziwa Mulungu woona yekhayo ndi Yesu Khristu amene anamutuma. Pa Yohane 5:24 akuti womva ndi kukhulupirira ali nawo kale moyowo, waoloka kale. Ndiye kuti amayi ako moyo wosatha sanaulandire pa bedi lija. Anali nawo akusinja pamtondo, akupita kukakhuza maliro mvula ikugwa, akukangana nane za ndalama ya fodya, akukusambitsa iwe. Imfa inathyola thupi lawo, ndinaona ndi maso anga mmene inalithyolera, koma kudziwana kuja ilibe nako mphamvu.

Za mmene thupilo lidzakhalire, Paulo pa 1 Akorinto 15 anayankha ngati mlimi. Akuti chimene umakwirira ndi njere, chimene chimatuluka ndi mmera, ndipo sungadziwe maonekedwe a mmera poyang'ana njere. Munthu amene sanaonepo chimanga, utamuonetsa njere imodzi youma, sangaganizeko za phesi lalitali kuposa munthu, ngayaye pamwamba, zisononkho ziwiri m'mbali. Tsiku lija kumanda tinakwirira thupi lowonda, lopepuka ngati la mwana. Ine ndikhulupirira kuti limenelo ndi njere. Masiku ena ndimakhulupirira ndi mtima wonse. Masiku ena, makamaka madzulo ndikamayang'ana mpando wawo, ndimabwerera ku pemphero la bambo wa pa Marko 9 uja.

Chimene chinapha amayi ako chili ndi dzina, ndipo dzinalo si lako. Ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo inapezeka itafalikira kale. Ankamva zizindikiro kwa nthawi ndithu, ankabisa chifukwa cha manyazi, ndipo ine sindinafunse. Pa mwambo wathu bambo sakamba zoterezi ndi mwana wake wamkazi, koma mwambowo wanditengera mkazi, ndiye ndikamba. Pita ukayezetse, ndipo uzipita nthawi ndi nthawi monga angakuuzire azaumoyo. Matendawa akapezeka msanga amachizika. Mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, ndipo mdzukulu wanga akafika msinkhu umenewo ndikufuna akabayitse. Ukatero usadzione ngati wachepa chikhulupiriro. Luka amene analemba za wachifwamba uja anali sing'anga wa mankhwala, ndipo Paulo ankamutcha wokondedwa.

Ndatsala ndi za mafuta aja. Usiku wa tsiku limene unawadzoza, iwe utagona, ndinawafunsa amayi ako ngati akukhulupirira kuti kabotoloko kawachiritsa. Anaseka pang'ono, kuseka kwawo kuja kotseka pakamwa ndi nsalu. Anati, “Mafuta ndi mafuta, abambo. Koma manja aja ndi a mwana wanga. Musamuuze kanthu, mulekeni azindisisita.” Anadziwa zonse. Anadziwa za ndalama, anadziwa kuti thupi lawo likutha, ndipo chimene anasunga mumtima ndi kutentha kwa manja ako pamimba pawo. Anandiletsa kukuuza nthawi imeneyo. Ndikuganiza kuti akanaona mmene ukudzizunzira lero akanandilola.

Sindikukukakamiza kuti Lamulungu likubwerali ukakhale pabenchi ya kutsogolo. Tomasi anakhala sabata yathunthu akukana zimene anzake ankamuuza, ndipo Ambuye anamubwerera yekha, n'kumuonetsa zipsera. Ngati kupemphera kukukanika, ingokhala chete pamaso pake, ife kuno tikupempherera. Amayi a Chigwirizano amakufunsa nthawi zonse, ndipo anzawo awiri a amayi ako akuti akufuna kudzakuona kutauniko akakolola.

Baibulo lawo ndakusungira iwe. Sindinachotsemo kanthu, timapepala tonse tili momwemo, ndipo pa Yohane 11 pali chidindo cha chala chawo, cha mafuta omwe aja. Kabotolo ka njere za mpiru ndinakapeza pawindo la kukhitchini, kadakali ndi theka. Dimba ndalilambula, koma kufesa nazale sindidziwa bwino, ndimathira zambiri pamodzi. Ukapeza tchuthi mvula ikatha ubwere, tidzakambe za chiliza ndi amalume ako, ndipo udzandionetse muyezo wa mchenga umene amayi ako ankasakaniza.

Ndine,
Bambo ako